Tifunseni: amayi akuti ali bwino, mlongo wanga akuti akuvutika, ndimvere ndani?

Mwezi uno mauthenga ambiri abwera pa nkhani imodzi, makolo ndi agogo omwe ayamba kuiwalaiwala, matenda aja achipatala amati dimenshiya. Ndasankhapo asanu, maina ndachotsa monga mwa nthawi zonse ndipo ena ndawafupikitsako poti malo ngochepa.

FUNSO

Zikomo a tsamba lathu. Ine ndili ku Joni kuno, amayi anga ali kumudzi ku Ntcheu ndipo amene akukhala nawo ndi mlongo wanga wamng'ono. Anayamba pang'onopang'ono, kuthira mchere kawiri mndiwo, kufunsa kuti bambo apita kuti pomwe bambo anamwalira kalekale, mpaka kuchipatala anati ndi dimenshiya. Nde vuto langa ndi ili, ndikaimba pa WhatsApp amayi amandilankhula bwinobwino, amaseka, amati ndili bwino mwananga ndadya nsima ya therere, koma foni ikangobwerera kwa mlongo wangayo amati achimwene kuno zinthu zavuta amayi akuvutika moyo wawo ndi womvetsa chisoni. Ine ndalama ndimatumiza mwezi ndi mwezi pa Mukuru osaphonya. Pena ndimaganiza kuti mwina mwanayu akukokomeza kuti ndiziwonjezera, pena ndimati mwina amayi sakudziwa zomwe akunena poti mutu sukugwira. Ndimvere ndani? Ilipo njira yodziwira ngati munthu wodwala chonchi akukhala moyo wabwino kapena ayi?

Wodandaula, Johannesburg

YANKHO

Achimwene, amvereni onse awiri. Ine sindikuona wabodza apa, chomwe chikuchitika nchoti amayi akukuuzani mmene akumvera pa nthawi yomwe mukulankhula nawoyo, pomwe mlongo wanu akukuuzani za tsiku lonse ndi usiku womwe, komanso mkati mwa mau akewo muli kutopa kwa iye mwini. Zimenezi sizapabanja panu pokha ayi, ochita kafukufuku anaziona kalekale mpaka anachita kukonza mafomu awiri, ina ya wodwala ina ya womusamalira.

Imodzi yodziwika kwambiri imatchedwa QoL-AD, anaikonza ndi Rebecca Logsdon ndi anzake ku University of Washington ku Seattle mu 1999. Ili ndi mafunso 13 basi. Amamufunsa munthuyo za thanzi la mthupi, mphamvu, mmene mtima wake ulili masiku ano, pamalo pomwe akukhala, kukumbukira, achibale, banja lake, anzake, mmene amadzionera yekha, ngati akutha kugwira tintchito tapakhomo, ngati akutha kuchita zomwe zimamusangalatsa, ndalama, kenako moyo wake wonse. Pa funso lililonse amasankha chimodzi, sizili bwino, zili choncho, zili bwino kapena zili bwino kwambiri, malikisi kuyambira 1 mpaka 4, nde onse pamodzi amakhala pakati pa 13 ndi 52. Taonani bwino pamenepo, kukumbukira ndi funso limodzi lokha mwa 13. Ife pakhomo timatha tsiku lonse kuwerengera zomwe agogo aiwala, lero aiwala dzina la uje, dzulo anaiwala poika ndalama, pomwe mafunso 12 enawo sitinawafunsepo nkamodzi komwe.

Mafunso omwewo amakamufunsanso wosamalira payekha kuti inu mukuona kuti wodwalayu ali bwanji, ndipo chomwe chimatuluka mobwerezabwereza mmaiko osiyanasiyana nchoti wosamalira amapereka malikisi otsika kuposa mwini wake wodwalayo, komanso wosamalira akakhala wotopa kwambiri kapena wokhumudwa mumtima malikisiwo amatsikiratu. Ku Britain kuli ina yotchedwa DEMQOL ya mu 2005, nayonso ili pawiri, mafunso 28 a wodwala ndi 31 a womusamalira. Kale ambiri ankangofunsa gadiyani basi poganiza kuti munthu woiwala sangafotokoze za moyo wake, koma zinaoneka kuti matenda asanafike patali munthu amatha ndithu kunena chomwe chikumukondweretsa ndi chomwe chikumuwawa. Nde amayi akati therere ndadya ndipo linakoma akhulupirireni, olo zitakhala kuti thererelo linali la dzulo.

Koma musadalire foni ya mphindi zisanu yokha. Moni ndi ulemu zimachedwa kuchoka, munthu atha kuiwala dzina la mdzukulu koma ndili bwino kaya inu amayankha bwinobwino, nanga si anayamba kuyankha choncho ali mwana. Komanso ambiri odwala chonchi kummawa amakhala bwino, dzuwa likamapendeka nkuyamba kusakhazikika, kumanga katundu pachitenje kuti ndikupita kwathu ali pakhomo pawo pomwe. Ngati mumaimba pa lanchi nthawi zonse ndiye kuti mumangoona amayi a masana. Tsiku lina imbani cha mma 6 madzulo pa vidiyo.

Kafunsidwe nako kasinthe. Zija za mwandizindikira, tatchulani dzina langa, zisiyeni, amenewo ndi mayeso ndipo munthu akalephera amachita manyazi nkukwiya foni nkutha poipa. Yambani ndinu kunena kuti ndine uje mwana wanu wa ku Joni, kenako mwagona bwanji, penapake pakupweteka, lero kwabwera ndani. Kwa mlongo wanu funsani zinthu zooneka ndi maso, zovala zayamba kukhwepa kapena ayi, ali ndi chilonda penapake, agwapo mwezi uno, kutchalitchi akupitabe, anzawo akumabwerabe kudzakhala nawo pamkeka kapena anasiya, pali kantchito komwe amawapatsa monga kutonola chimanga kaya kusadzula nkhwani. Kwa ine mayi amene waiwala chaka koma akutonola chimanga pakati pa anthu akuseka ali pabwino kuposa wina amene akukumbukira zambiri koma anamutsekera kuchipinda kuti asatichititse manyazi alendo akabwera.

Mafomu ndatchulawa anawakonzera kunja, kwa anthu ozolowera kuyankha zapapepala, nde sindikunena kuti mukawawerengere amayi malikisi ayi, tengani mitu yake yokha. Anzathu aku Tanzania m'boma la Hai, mmunsi mwa phiri la Kilimanjaro, ataona kuti mayeso a kukumbukira ochokera kunja sakuwayendera agogo omwe sanapite kusukulu olo mitu yawo ili bwinobwino, anakonza awoawo, kufunsa dzina la mfumu ya mmudzi, kutchula nyama zambiri pa mphindi imodzi, kuyala timitengo ta machesi tinayi motsanzira chithunzi. M'boma lomwelo kafukufuku anapeza kuti mwa anthu a zaka 70 kupita mtsogolo, opitirira pang'ono 6 mwa 100 aliwonse anali ndi dimenshiya. Nde asakunamizeni wina kuti ndi matenda a azungu.

Tsopano za mlongo wanu, ndipo apa ndilankhula mosabisa. Mau oti akukokomeza asakafike mmakutu mwake. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati pa maola onse omwe anthu amathera posamalira odwala dimenshiya padziko lonse, 70 mwa 100 aliwonse amagwira ndi azimayi, ndipo achibale amatha pafupifupi maola 5 tsiku lililonse pa ntchitoyi. Kumudzi kochapa zofunda pamjigo, kophika ndi nkhuni, mukudziwa nokha kuti tsiku limathera pomwepo. Mu 1980 Steven Zarit wa ku America anakonza mafunso a wosamalira yekha, omwe ambiri akugwiritsa ntchito masiku ano alipo 22, ndipo cholinga chake ndi iweyo wosamalirawe, kodi umapeza nthawi ya iwe mwini, thanzi lako laonongeka chifukwa cha ntchitoyi, umakwiya ukakhala naye pafupi, ndalama zikukwana, ukuona kuti upitiriza mpaka liti. Munamufunsapo mlongo wanu limodzi mwa amenewa? Muimbireni tsiku lina musafunse za amayi nkomwe, mufunse kuti iweyo wagona maola angati, geni yako ija ikuyendabe, ukudwala chani. Akayamba kulira musadule foni ndipo musathamangire kunena kuti nditumiza ndalama, mulekeni amalize.

Ndalamazo ngati mungathe muzigawa patatu, ya amayi payokha, ya mlongo wanu payokha yoti asafunsidwe nayo malisiti, ndi yolipira munthu wodalirika woti azibwera olo masiku awiri pa sabata kuti mwanayu apite kumsika, kumunda kapena angogona basi. Disembala mukabwera mugone mnyumba momwemo masiku angapo mlongo wanu akapumeko kwa achibale, inu ndinu muzidzuka usiku.

FUNSO

Apongozi anga aakazi ali ndi zaka za mma 80, anasiya kulankhula chaka chatha, amangogona, kudya timachita kuwadyetsa kubafa kuwanyamula. Pena amabuula usiku wonse osadziwa chavuta nchani. Amuna anga amati asiye sakumva kanthu amenewo anapita kale. Ine mtima sukundilola. Munthu wosalankhula ungadziwe bwanji kuti akumva kuwawa kapena ali mumtendere?

Mtengwa, Zomba

YANKHO

Mayi, mtima wanuwo ukunena zoona, akumva. Amuna anu sindikuwadzudzula, pena mwana wamwamuna amalankhula choncho poti kuona amake ali mmene alilimo kukumukanika, koma ululu sunachoke chifukwa choti mau achoka.

Anamwino ali ndi kanjira kotchedwa PAINAD kodziwira ululu mwa munthu wosalankhula, ndipo zomwe kamayang'ana nzinthu zisanu zomwe inunso mutha kuona ndi maso anu. Kapumidwe, ngati akupuma mwawefuwefu kapena movutikira. Mau, ngati akubuula kaya kulira. Nkhope, ngati yachita tsinya kapena ikuoneka yamantha. Thupi, ngati laumitsidwa, zibakera zafumbatidwa, mawondo apindidwa kapena akukankha dzanja lanu. Chomaliza, ngati mukawagwira ndi kuwalankhula amatonthola kapena ayi. Chilichonse amapereka 0, 1 kapena 2, zonse pamodzi kufika 10. Nthawi yabwino yoyang'ana ndi pomwe mukuwatembenuza, kuwasambitsa kapena kuwakhazika tsonga, poti ululu wa mmafupa umaonekera munthu akamasunthidwa.

Akabuula usiku yambani ndi zinthu wamba, anyowa, akumva kuzizira, ali ndi ludzu, atha masiku angati osachita chimbudzi, mkodzo ukununkha zachilendo, mkamwa muli dzino lobooka kapena zilonda, nanga kumsana mmatako ndi ku zidendene khungu lafiira. Munthu wongogona azitembenuzidwa pafupipafupi, pakangotha maola awiri kapena atatu, chifukwa chilonda chogonera chikayamba kupola kwake nkovuta kwambiri. Podyetsa muziwakhazika tsonga, phala lolimbako pang'ono, supuni yaing'ono, osathamanga, ndipo ngati akutsamwa kapena kutsokomola pakudya kawirikawiri kawauzeni achipatala poti chakudya chikalowera kumapapo chimabweretsa chibayo. Mukakhale mukufunsa za gawo la chisamaliro cha odwala matenda osachizika, zipatala zambiri za maboma zili nalo, ku Queens ku Blantyre kuli Tiyanjane. Iwowa ndi amene angakuuzeni ngati kuli koyenera kuwapatsa panado nthawi ndi nthawi ndi muyezo wake.

Nanga mtendere mungaudziwe bwanji? Ku University of Bradford ku England kunali Tom Kitwood amene analimbikira kuti tiziyang'ana munthuyo osati matenda okha, ndipo iye ndi anzake anayambitsa njira yoti wina amakhala pakona phee kwa maola angapo nkumalemba mphindi 5 zilizonse zomwe wodwala akuchita ndi mmene akuonekera. Inu simungakwanitse zimenezo ndi ntchito zapakhomo, koma kope ya mwana wasukulu ikukwana, kwa sabata imodzi muzilemba nthawi yomwe anabuula, chomwe chinachitika isanafike nthawiyo, ndi nthawi yomwe nkhope inamasuka. Mudzayamba kuona kuti mwina ndi madzi ozizira osamba, mwina ndi phokoso la wailesi, mwina amakhazikika akamva mau a mdzukulu winawake. Ndinaonapo agogo ena omwe anali atasiya kuyankha olo moni, mdzukulu anangowaikira lichero la nyemba pamiyendo poti amafuna athamangire kumjigo, pobwera anapeza zala zikugwira ntchito, zofumbwa mbali iyi zabwino mbali iyo timiyala pansi, nkhope ili myaa. Kwa apongozi anu mwina lichero linapitirira, koma nyimbo ya mbuku yomwe ankaikonda, kuwadzoza mafuta mmanja, kuwatulutsa akaothereko kadzuwa kammawa, yesani nkuyang'ana nkhope. Amuna anuwo apatseni mafutawo adzoze ndi iwo.

FUNSO

Ndili ndi zaka 66, amuna anga anali aphunzitsi anapuma ntchito. Zaka zinayi tsopano akudwala matenda oiwalawa. Usiku sagona amangoyendayenda kutsegula masutikesi, masana amanditsatira paliponse olo kuchimbudzi amaima pakhomo, ndipo tsiku ndi tsiku amati ndawabera penshoni pamaso pa anthu, ine amene ndakhala nawo zaka zonsezi. Ana ali mtauni amangoimba kuti adadi ali bwanji. Akumpingo amabwera kudzawapempherera nkumapita. Ine ndili ndi BP koma mankhwala anatha sindinakatengenso nanga ndiwasiyira ndani. Masiku ena ndimawakalipira kenako ndimakalira kukhitchini, ndipo pena mumtima ndimati bola Mulungu angowatenga. Kodi ndine munthu woipa?

Mayi wotopa, Kasungu

YANKHO

Amayi, sindinu oipa, mwatopa, ndipo maganizo amenewo amawafikira anthu ambiri osamalira odwala chonchi kungoti sawatchula. Mwachita bwino kulemba. Kalata yanu ndikaiika pa mafunso a Zarit ndatchula pamwambawo pafupifupi lililonse mwaliyankha kale, nthawi yanu mulibe, thanzi lanu laonongeka, mkwiyo ukubwera, simukudziwa kuti mupitiriza bwanji. Pakhomo panupo odwala alipo awiri koma amene akufunsidwa kuti muli bwanji ndi mmodzi.

Choyamba mankhwala a BP sabata ino, osati mwezi wamawa. BP yosiyidwa imabweretsa sitiroko, ndipo mukagwa inu abambowo atsala ndi ndani. Mukapita mukafunsenso kuonana ndi namwino woona za matenda a mmaganizo, mzipatala za maboma amakhalapo, mukawauze zonse mmene mwandilemberamu, makamaka ngati tulo sitikubwera olo mutapeza mpata, chakudya sichikukoma, zomwe munkakonda sizikukusangalatsaninso kapena mwayamba kuganiza zodzipweteka. Amenewo ndi matenda a kukhumudwa ndipo thandizo lake lilipo. Ku Lilongwe ndi ku Mzuzu kuli zipatala za matenda a mmaganizo za St John of God ngati ana angakutengereni.

Anawo aitaneni onse pamodzi ndi ankhoswe kapena achibale aku chimuna, olo pa gulu la WhatsApp, ndipo musanene kuti ndithandizeni, mau amenewo aliyense amavomera nkusachita kanthu. Nenani kuti uje ubwere wikendi yoyamba ya mwezi, uje ulipire mnyamata woti azigona pabalaza usiku atatu pa sabata. Akumpingo nawonso, amayi a Mvano, a Dorika kapena a mphakati kutengera komwe mumapemphera, auzeni kuti pemphero talandira koma Lachinayi mmodzi atsale ndi abambo kuyambira 8 mpaka 12 ndipite kuchipatala. Ambiri amafuna kuthandiza koma sadziwa pogwira. Ana odziwa chizungu afufuze pa intaneti maphunziro a WHO otchedwa iSupport, ndi aulere ndipo anawalembera anthu ngati inu.

Za penshoni zija zimawawa ndikudziwa, koma ndi matenda, munthu akaika chinthu nkuiwala mutu umafuna chifukwa ndipo amene ali pafupi ndi amene amanamiziridwa. Kutsutsana nawo sikuthandiza poti mawa ayambiranso. Ena amawapatsa kachikwama kokhala ndi tindalama tochepa ndi pepala lakale la penshoni kuti azisunga okha, akayamba mumangoti tiyeni tifunire limodzi. Masana ayende, akhale panja, asagone nthawi yaitali, tiyi wamadzulo achepe. Chonde musawagulire mapiritsi ogonetsa mwa inu nokha kapena kupempha a munthu wina wodwala misala, ena mwa mankhwala amenewo kwa okalamba odwala dimenshiya amaonjezera kugwa ndi sitiroko, ndi dokotala yekha angaone ngati akufunikadi.

FUNSO

Agogo anga anapezeka mbandakucha ali pakhonde la eni ake opanda chitenje, anthu anasonkhana nkumati agwa paulendo wausiku. Atawafunsa kuti ndinu mfiti anati eya. Panopa ana sakuloledwa kufika kwathu ndipo ena akuti asamuke mmudzi. Kuchipatala anatiuza kale kuti ndi matenda oiwala. Titani?

Mdzukulu, Dowa

YANKHO

Izi musazitenge mopepuka ndipo musadikire kuti zizizira zokha. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu anapha okalamba anayi powaganizira ufiti mphenzi itapha mtsikana, nde mau oti asamuke atha kusanduka china usiku umodzi.

Kuyenda usiku, kusochera pafupi ndi kwawo, kuvula pagulu, zonsezi nzodziwika pa dimenshiya, ndipo munthu wosokonezeka atazunguliridwa ndi gulu lokuwa amavomera chilichonse chomwe wafunsidwa. Eya ameneyo si umboni. Lamulo la dziko lino la mu 1911 likugwirabe ntchito ndipo limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, komanso mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu achikulire. Tengani buku lawo lakuchipatala mupite kwa amfumu, ngati nkotheka ndi mlangizi wa zaumoyo wa mdera lanu kuti afotokoze ndi iye pamaso pa anthu, abusa kapena ashehe akhalepo. Wina akaopseza pitani kupolisi ku Victim Support Unit tsiku lomwelo, ndipo a MANEPO, mgwirizano wa mabungwe oona za okalamba, amatsatira nkhani zoterezi.

Pakhomo, ambiri amatuluka usiku pofuna chimbudzi nkusochera pobwerera, nde aikireni ndowa mnyumba ndi katochi kapena kasola koyaka usiku wonse, mangani zitini pachitseko kuti zizilira chikatsegulidwa, wina azigona nawo, ndipo sokererani nambala ya foni pa zovala zawo. Osawamanga ndi chingwe, osawakhomera okha mnyumba, moto ukabuka sangatuluke. Chomwe chikundiwawa mkalata yanu ndi anawo kuletsedwa kufika, agogo amene dzulo anali ndi adzukulu pakhonde lero ali okha ndipo sakumvetsa kuti alakwa chani. Pezani olo banja limodzi loyandikana nalo lomwe lamvetsa, liyambe ndilo kubwera masana anthu akuona.

FUNSO

Bambo anga a zaka 74 amaiwala pang'ono koma Lachiwiri anali bwinobwino, kuyambira dzana sakutizindikira, akuti akuona zinthu pakhoma, masana akungogona usiku kubwebweta. Ndiye kuti matenda aja afika pamapeto?

Mwana wamkazi, Chipata

YANKHO

Achemwali awa ndinawayankha tsiku lomwe analemba poti sizoti nkudikira magazini, ndikuika pano kuti ena aone. Dimenshiya imayenda miyezi ndi zaka, sisintha munthu pa masiku awiri. Wokalamba akasokonezeka mwadzidzidzi chonchi nthawi zambiri pali china mthupi, malungo, chibayo, matenda a mchikhodzodzo, shuga kukwera kapena kutsika, kuchepa madzi mthupi, sitiroko kapena mankhwala atsopano, ndipo okalamba pena satentha thupi nkomwe olo akudwala kwambiri. Zambiri mwa izi zimachizika munthu nkubwerera mmene analili. Pitani nawo kuchipatala lero, nyamulani mankhwala onse omwe akumwa ndi achikuda omwe, ndipo mukanene momveka kuti Lachiwiri anali bwino, chifukwa mukangoti amaiwala atha kuganiza kuti ndi mmene amakhalira. Akachira mudzapemphe awayezenso BP, shuga, magazi, HIV ndi chindoko, komanso makutu ndi maso, poti munthu wosamva bwino kapena wa ng'ala amaoneka woiwala kuposa mmene alili.